Khonde la Che Jafali

Che Jafali anawaika tsiku lomwe anamwaliralo, monga amachitira anzathu Asilamu. Uthenga unandipeza ndili pampopi. Pamene ndinkati ndisambe, ndifune chitenje chabwino, ndikokere miyendo yangayi kumtunda kwa Ndirande, amuna anali atanyamuka kale ndi maliro. Ndinangoona misana ndi mikanjo yoyera ikukhota pachigayo. Ndinakhala ndi amayi pakhomo, ndinalira, kenaka ndinapsa mtima. Munthu amene ankasunga diresi ya mwini mpaka ukwati kutsala mawa, nkumati ulusi woyenera sunabwere, ulendo wake womaliza anaufulumira chonchi osatsazika.

A masiku ano mumawadziwa ngati mdala wa pansi pa mtengo wa mango, telala wa maso akhungu amene ankapempha odutsa kuti amulowetsere ulusi m'singano. Ine ndinawadziwa ali patsidya pa msewu, pakhonde la nyumba imene lero mukuitcha sikelo. Iwo ankasoka kungodya ya kumtunda, ine ndinkakazinga zitumbuwa kungodya ya kumunsi, ndipo tinakangana zaka zonsezo popanda tchuthi.

Mkangano wathu unali utsi. Ankati mbaula yanga ikulowetsa fungo la mafuta m'nsalu za makasitomala awo, moti mkwatibwi wina anakanunkha nthochi paguwa. Dzina langa lenileni sindikumbuka ngati analitchulapo. Kwa iwo ndinali Abiti Utsi, ndipo dzinalo linamera mpaka ana anga ankaitanidwa nalo kusukulu. Mwezi wawo wosala kudya ukafika, mkangano unkakula. Ankati ndimachita dala kukazinga mphepo ikamapita kwa iwo, ine nkumati mphepo siinabatizidwe ku mpingo wathu, akaifunse okha. Koma Lachisanu masana akamapita ku mzikiti, makina awo ankasiyira ine. Ankangoti, “Abiti Utsi, maso,” nkuvala nkhwaira zawo ulendo. Munthu wina aliyense sankaloledwa ngakhale kutsamira pa makinawo.

Ankapalasa makina osavala nsapato, nkhwaira zili pambali moyang'ana kumsewu. M'mawa ankayamba kusesa khonde lonse, kuphatikizapo mbali yanga, kenaka nkukhala tsiku lonse akuuza anthu kuti ine sindidziwa tsache. Mapini ankasunga pakamwa, ndiye nkhani zambiri ankazikamba ndi mbali imodzi ya milomo. Munthu wanjala sankamuyeza. Ankati ukamuyeza asanadye, tsiku lodzakhuta adzati telala anaba nsalu, choncho ankamutumiza kaye kwa ine kuti akagule chitumbuwa. Apa pokha ndi pamene utsi wanga unkawakomera. Tizidutswa totsala sankataya. Ankatilumikiza nkupanga makabudula a mitundumitundu, ndipo theka la ana a m'dera lathu linakula matako ali mawangamawanga.

Nyumbayo inali yakale kuposa Ndirande amene tikumudziwa. Akuluakulu ankati anaimanga azungu a esiteti kuno kukadali tchire, kuti azisungiramo katundu, ndipo amtengatenga ankatula mitolo pakhonde pake nkupuma. Pambuyo pake inakhala sitolo ya Mmwenye wina. Njerwa zake zinali zikuluzikulu, zofiira moderako, zosafanana ndi tinjerwa tathu ta masiku ano, ndipo makoma anali onenepa moti mwana ankagona pawindo osagwa. Koma chimene tinkaidziwira ndi khonde lake lalitali la nsanamira za njerwa. Munthu akati tikumane Pakhonde, sunkafunsa kuti khonde liti.

Che Jafali anafika m'tauni muno ali mnyamata kuchokera kwawo ku Mangochi, nyengo ya chiperoni, wopanda m'bale. Malo oyamba kugona anali pakhonde pomwepo, pangodya ya kumtunda ija, ndipo mlonda wa sitolo anawaponyera saka kuti afunde. Nkhani imeneyi ankaikamba kawirikawiri mpaka tinkawatsirizira tokha. Ankati khonde ndi nyumba ya munthu amene alibe nyumba, ndipo womanga nyumba yopanda khonde ali ngati munthu wotseka chitseko akamadya.

Moto unabuka masana, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Unayambira kuseri, kumene ankasunga mgolo wa palafini, ndipo pamene tinkaona utsi denga linali litagwira kale. Amuna anakoka makina a Che Jafali nkuwaika pamsewu. Iwo anabwereranso pakhonde kukatola nsalu za eni, nkutuluka ndevu za mbali imodzi zitapsa. Pofika madzulo panatsala makoma akuda ndi nsanamira zoloza kumwamba. Mmwenye uja anasamukira ku Limbe osabweranso, malowo nkugwera m'manja mwa khonsolo.

M'mawa mwake mphekesera inali itazungulira kale kuti moto unachokera pambaula yanga. Ndinachita mantha kwambiri, poti nthawi imeneyo mphekesera inkatha kukugoneka kupolisi. Anandiombola ndi Che Jafali, koma mwa njira yawo. Anauza aliyense wofunsa kuti moto wa Abiti Utsi ndi waulesi, umalephera kupsereza mkati mwa chitumbuwa, ndiye ungathe bwanji sitolo ya azungu. Anthu anaseka, nkhaniyo nkufera pomwepo. Sindinadziwe ngati ndiwathokoze kapena ndiwagende ndi chiwaya.

Tsiku lomwelo anabweza makina awo pangodya yawo, pakati pa phulusa. Anamangirira ambulera ku nsanamira nkuyamba kusoka. Ndinawauza kuti ubongo wawo unapsa limodzi ndi ndevu. Anandiyankha kuti nyumba siifa ndi moto, imafa ikasowa mpweya wa munthu, ndipo akachoka iwo, anthu aidya ngati chiswe. Sananame. Khoma la kutsogolo, limene iwo ankaliona, linakhala. La kuseri linayamba kufupika. Uyu watenga njerwa za mafuwa, uyu za khola la nkhuku, winayo za bafa. Ine nanenso ndinabweza mbaula yanga, chifukwa sindikanalola kuti anthu aziti telala ndi wolimba mtima kuposa ine.

Nthawi imeneyo kuno kunalibe chipatala. Kunali a Msiska, adokotala athu ochokera kumpoto, amene ankabwera ndi chikwama cha mankhwala nkumayeza ana pansi pa mtengo wa mango uja. Sikelo ankaikoleka pawaya kunthambi, ana nkumalendewera m'kabudula wa nsalu akulira, mvula ikabwera onse nkubalalika. A Msiska anayenda m'maofesi kupempha kuti nyumba yopsayo ikonzedwe, ikhale sikelo ya ana. Anawauza kuti boma lingapereke malata ndi simenti ngati anthu eni ake atakonza makoma. Koma mawu a dokotala sankalemera ngati mawu a tcheyamani wa chipani, ndipo tcheyamani wathu, a Namate, anali atauza kale khonsolo kuti chibwinjacho chigwetsedwe chisanaphe munthu. Tonse tinkadziwa kuti mlamu wawo akufuna kumangapo botolo sitolo. Tinkadziwanso kuti bafa latsopano la kwa a Namate ndi la njerwa zikuluzikulu zakuda mbali imodzi. Kudziwa tinkadziwa, koma pakamwa panali potseka, poti masiku amenewo ngakhale mkazi ndi mwamuna ankayamba ayang'ana pawindo asanatchule chipani.

Ndiye kunabwera uthenga woti eni dziko, mtsogoleri wathu wa nthawi imeneyo, adzalankhula kubwalo lalikulu m'tauni, ndipo amayi tonse tikavine. Aliyense anagula nsalu ya chipani, ija ya nkhope ya mtsogoleri pakati, nkupita nayo kwa Che Jafali kuti asoke chilundu. Anasoka usana wonse masiku amenewo, osakangana ndi ine ngakhale pang'ono, moti ndinawafunsa ngati akudwala. Chilundu chikatha sankapereka. Ankati chatsala kusita, mudzatenge Lachitatu m'mawa. Ine ndekha ndi amene anandinong'oneza kuti Lachitatu ndilo tsiku limene lole ya khonsolo ikubwera kudzagwetsa nyumbayo.

Lachitatulo nditafika ndi beseni langa ndinaima pamsewu kukamwa yasa. Che Jafali anali atamanga zingwe kuchokera nsanamira ina kufika ina, ndi pakhoma lonse la kutsogolo, nkuyanikapo zilundu zonse. Kuchokera kungodya yawo mpaka kungodya yanga, nkhope ija inali ikuyang'ana kumsewu, apa ndi apa ndi apo, mwaye wonse utabisika. Amayi anali atayamba kusonkhana kudzatenga zovala zawo. Che Jafali anali pamakina, simbi ya makala ili pambali ikufuka.

Lole inafika ndi amuna a nyundo zikuluzikulu. Foromani anatsika, nayang'ana khomalo, chipewa nkuchivula osadziwa kuti wavula.

“Madala, tachotsani zovalazi. Tili ndi oda ya ku ofesi.”

“Mwadzuka bwanji, bwana foromani,” anatero Che Jafali, mapini ali pakamwa. “Chotsani, palibe vuto. Ine manja angawa ali ndi oyilo wa makina, ndingadetse nkhope ya eni dziko.”

Foromani anacheukira anthu ake nkuloza mmodzi. “Iwe, kachotse.”

“Bwana, ine ndili ndi ana,” anayankha munthuyo, nyundo nkuitsamiritsa ku tayala.

Ana a lero mukhoza kuseka, koma ife tinkamva za anthu amene anasowa chifukwa chokulunga usipa m'nyuzipepala ya nkhope imeneyo. Nanga kuikoka pachingwe pamaso pa gulu, ina nkugwera m'phulusa? Foromani anatuma munthu kukaitana a Namate.

A Namate anabwera akupukuta thukuta, baji ili pachifuwa, anyamata a chipani ali pambuyo. Anayang'ana zilundu, anayang'ana amayi, kenaka anawerama pafupi ndi makina nkulankhula motsitsa.

“Che Jafali, mukudziwa kumene amapita anthu ochita zinthu ngati izi?”

Ndinali pafupi, ndipo ndinaona chimene ena sanaone. Phazi la Che Jafali linkangopalasa pachopondera, singano nkumakwera ndi kutsika popanda nsalu. Ankaopa ngati tonsefe. Analavulira mapini m'dzanja nkuimirira, ndipo anayankha mokweza kuti amayi amve.

“A Tcheya, ine ndine telala chabe. Koma amayiwa akuti akamakavina kubwalo akufuna akaimbe kuti a Namate akutimangira sikelo ya ana pano, mwa chitukuko chodzithandiza tokha. Ine ndawauza kuti ayambe adikira. Mwina a Tcheya akufuna mukaimbe zina, zoti kwathu kuno tagwetsa.”

Tinayang'anana. Amayi sitinapanganepo za nyimbo iliyonse, koma palibe anatsutsa. Amene anayamba nthungululu anali mayi Namate eni ake, mwana ali kumsana, yemwe uja ankalendewera kunthambi ya mango mwezi ndi mwezi. Ife tonse tinalandira. A Namate anakwera pakhonde, nkulankhula kwa nthawi yaitali za mmene ganizo la sikelo linawasowetsera tulo kuyambira kale. Anamaliza ndi kulamula kuti aliyense amene anasunga njerwa za nyumbayi poopa akuba azibweze msanga. Lole inabwerera yopanda kanthu. Che Jafali anakhala pansi nkundipempha madzi.

Njerwa zinabwera. Che Jafali ankati chilundu chituluka njerwa zikalowa, ndiye amayi ankafika atasenza ziwiri zitatu pankhata, aliyense akunena kuti wazitola panjira. Wilibala yoyamba inachokera kwa a Namate, ndipo banja lawo linasamba kuseri kwa masaka mpaka mvula itayamba. Makola a nkhuku anaphwasuka, mafuwa anabwerera mwakale. Njerwa ina inabwera ili ndi madontho a nyemba.

Ntchito yokonza inatenga nthawi, ndipo inali yauve. Tinkapala mwaye ndi zidutswa za malata mpaka mphuno kuda mkati. Amisiri anagumula mizere ya pamwamba imene moto unaiphwanya, nkumanganso ndi njerwa zobwezedwa zija. Mitanda yopsa anaitsitsa, koma umodzi unapezeka kuti mkati ndi wamoyo, mtengo wa mbawa, ndipo anaucheka nkupanga benchi imene amayi amakhalapo mpaka lero. Laimu tinapaka kambirimbiri, koma kuda kunkatulukirabe pansi pake ngati chipsera. Kenaka kunabwera malata atsopano, mawindo a galasi, mpopi wa madzi, ndi kabati ya mankhwala pamene Mmwenye ankaika mabulangete. Che Jafali sankadziwa kugwira chipande cha omanga, koma ankalangiza aliyense kuchokera pamakina, ndipo amisiri ankawatcha foromani wa ambulera.

Mkangano wawo waukulu pa ntchitoyi unali ndi a Msiska, munthu wofatsa amene ankawalemekeza. Pulani ya a Msiska inali yoti khonde litsekedwe ndi khoma ndi mawindo, likhale chipinda chodikiriramo, kuti ana asamazizidwe ndi chiperoni. Zinali zomveka, ngakhale ine ndinavomereza. Che Jafali anakana kwamtuwagalu.

“Adokotala, mukamanga khoma muika chitseko. Mukaika chitseko muika loko. Loko akakhalapo, kiyi akhala m'thumba la munthu mmodzi. Nanga wotsika basi mvula ikugwa, wopanda m'bale, akaima pati?”

“Koma Che Jafali, ichi tsopano ndi chipatala, si sitolo.”

“Ndiye chipatala ndicho chizikhala chomana kuposa sitolo?”

Anakokanakokana mpaka a Msiska anagonja theka. Anamanga kakhoma kofika m'chiuno kumbali yochokera mphepo, kwina konse nkusiya poyera. Pothira simenti yatsopano pansi, amisiri anapempha Che Jafali kuti asunthe makina. Iwo anati ali ndi malaya a maliro ofunika lero, adzathire mawa. Mawa linakhala mawa, simenti inatha, ndipo ngodya yawo inatsala ndi pansi pakale, pamene miyendo ya chitsulo ya makina inakumba timaenje tinayi.

Sikelo inatsegulidwa ndi magule ndi zolankhula, a Namate atavala suti yosokedwa pakhonde pomwepo. Sipanapite nthawi, kunabwera inspekitala wa zaumoyo, nayendera, nkupita. Amene anabwera kudzatiuza anali a Msiska okha, akuyang'ana pansi ngati mwana woswa mbale. Lamulo silinkalola malonda pamalo a chipatala. Mbaula iyenera kuchoka, makinanso ayenera kuchoka.

Ine ndinalalata mpaka amayi a pabenchi anatseka ana awo makutu. Ndinati pakanapanda mdala uyu bwenzi pano anthu akukodzera makoma a botolo sitolo. Ndinati tipite kwa a Namate, tipite kukhonsolo, tiyanikenso zilundu. A Msiska misozi inali m'maso. Che Jafali anangotsiriza msoko umene anali nawo, nadula ulusi ndi mano.

“Abiti Utsi, walira mvula walira matope. Ine nyumba ndili nayo. Tandigwirirani mpandowu.”

Makina anawanyamula ndi amuna awiri odutsa, ine ndili pambuyo ndi mpando, kuwoloka msewu mpaka pansi pa mango paja pamene a Msiska ankayezera ana. Ambulera anaikoleka pawaya wa sikelo uja. Sindinawaonepo akudandaula, koma makina anawaika moyang'ana khonde, ndipo m'mawa uliwonse ankawolokabe ndi tsache lawo kukasesa asanafike wantchito wa sikelo. Ine ndinasamukira kumsika. Kumeneko kunali makasitomala ambiri, koma kunalibe wondinena za utsi, ndipo masiku ankatalika.

Chimene chinkandiwawa kwambiri ndi nthawi ya mvula. Ikayamba kugwa ankafunditsa makina ndi pepala la pulasitiki, nkuthamangira pakhonde ngati wina aliyense. Sankapita kungodya yawo. Ankaima m'mphepete, madzi a m'malata akuwadonthera pa nkhwaira, pakati pa ogulitsa makala ndi ana a sukulu. Tsiku lina mvula inatipeza tonse pamenepo, ndipo ndinawakalipira kuti alowe mkati, akhale pabenchi ya mbawa, ndani angawaletse. Anaseka nkunena kuti iwo tsopano ndi wodutsa, ndipo wodutsa ali ndi pousa, nanga si zimenezo tinkalimbira. Ndinayang'ana kumbali kuti asaone nkhope yanga.

Zaka zinapita, chipani chija chinatha mphamvu, pakamwa pathu panamasuka. A Namate anatsogola, a Msiska anapuma ntchito nkubwerera kwawo. Nkhani ya zilundu anthu anayamba kuikamba poyera, ena nkumawonjezera kuti Che Jafali anatukwana tcheyamani pamaso. Iwo ankakana. Ankati sanatukwane munthu, anangoyanika zovala, ndipo akanadziwa kuti mtima udzagunda chotero bwenzi atayanika kunyumba. Maso atayamba kuchita khungu ankangosoka zigamba, mizere ikupita uku ndi uku, koma anthu ankabweretsabe mathalauza awo nkukasokanso kwina mwakachetechete.

Dzulo, pochokera ku sadaka yawo, ndinadutsira kusikelo. Kunali chiperoni, phiri la Ndirande osaoneka. Ogwira ntchito anali ataweruka, zitseko zokhoma, mabenchi ali mbali imodzi. Nyengo yonyowa ngati ino makoma aja amatulutsabe kafungo ka utsi, ndipo anamwino atsopano amati ndi mankhwala. Pansi pa mango palibe kanthu, udzu sunamerebe pamene pankakhala makina, ndipo waya uja akulendewera kunthambi. Pakhonde masamba a mango anali ataunjikana m'munsi mwa nsanamira, poti wosesa wa m'mawa kulibe.

Pangodya ya kumtunda panakhala bambo wina wachilendo, chikwama chili pamiyendo, malaya atanyowa. Anati watsika basi yochokera ku Mulanje, m'bale amene amamufuna anasamuka, ndipo anandifunsa mwaulemu ngati pano amathamangitsa. Ndinamuuza kuti ayi, pano sathamangitsa, asunthire mkati kuseri kwa kakhomako kumene mphepo siifika. Atasuntha, timaenje tinayi tija tinaonekera, titadzaza madzi a mvula. Ndinatenga tsache la wantchito limene linali pakona, ndinasesa kuyambira kungodya yawo mpaka kungodya yanga, nkubwera kunyumba.